Mutimasulire Nyimbo ya Chijasi, Bambo Wapampando

Partick, Glasgow
Okutobala, mvula ikugwa monga mwa nthawi zonse

Kwa Bambo Wapampando,
Bungwe la Tisataye Kwathu,
Holo ya ku Springburn.

Olemekezeka Bambo Wapampando,

Ndagwada. M'manja ndawomba. Ndikanakonda kukufunsani kuti mwadzuka bwanji pa gulu lathu la pa WhatsApp, koma poti munalitseka Lamlungu madzulo kuti azilembapo ndi akomiti okha, ndaona kuti ndidzere njira yakale ya inki ndi pepala. Kalatayi ndaikhoma pa bolodi la m'holo, pambali pa chidziwitso chosonyeza kothawira moto ukabuka, kuti aliyense wofuna kuthawa ayambe wawerenga.

Ndine Ketrina Zangaphee, mayi wa ku Partick uja amene komiti yanu imamukumbukira pakafunika zitumbuwa. Pakati pa sabata amandilola kujambula mapulani a zombo ku Govan, koma zimenezo n'zongotayitsa nthawi. Udindo wanga weniweni, monga mukudziwa, ndi zitumbuwa. Ku yunivesite ndinadutsako kawiri, koma musade nkhawa, ndinangodutsa, sizinandilowerere. Ndinenso mayi wa Tupochile, mtsikana amene anazula chingwe cha sipika Loweruka lapitali. Eya, yemweyo.

Poti ena owerenga kalatayi sanalipo, mundilole ndiwafotokozere.

Tsiku la Anakubala layandikira, ndipo ife timalikumbukira mu Okutobala ngati kwathu, osati mu Malichi ngati eni dziko. Mwambo wake timaudziwa tonse. Amayi timasoketsa nsalu imodzi, timandanda panja pa holo mano akugundana, kenako timalowa movina pang'onopang'ono, atsikana ali kutsogolo ndi maluwa, abambo ataimirira akuwomba m'manja. Ndi tsiku lokhalo pachaka limene bambo wa Chimalawi amaoneka atanyamula thireyi. Zaka zonsezi takhala tikulowa ndi kwaya yakwathu. Chaka chino inu munalengeza kuti zinthu zasintha. Mwaitana alendo achisikoti, khansala ndi abusa, ndipo tiyenera kuwaonetsa kuti nafenso tinatseguka m'maso. Choncho nyimbo yolowera munasankha nokha: nyimbo ya chamba cha roko ya unyamata wanu, ya azungu a tsitsi lofika m'mapewa aja, imene gitala wake amalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga popita kumsika. Dzina lake sindilitchula. Inatchuka kale popanda thandizo langa.

Loweruka pa pulakatisi, a Maxon, dijeyi wathu, anaiyika. Ndinene chilungamo, ng'oma yake imakoka mwendo. Mayi Janet, amene bondo lawo lili pamzere wodikira opaleshoni, anachira pompo. Tinali titafika pakati pa holo pamene Tupochile, amene amatsogolera atsikana, anaima njii. Anacheuka n'kutiyang'ana ife amayi ake ngati munthu amene waona njoka m'bafa. Anaika maluwa pampando, anayenda mpaka patebulo la a Maxon, n'kuzula chingwe kukhoma. Zii. Mayi Janet okha ndiwo anapitirirako pang'ono, poti thupi likatenthedwa silimva mabuleki msanga.

Inu munafunsa kuti mwana ameneyu ngwa ndani, ngakhale pa ubatizo wake munalipo ndipo munadya. Iye anati, m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chimene ngakhale a ku London amachifunira womasulira, sangatsogolere amayi ake kulowa ndi nyimbo yonena kuti mkazi ndi chijasi. Munamulamula kuti abwezeretse chingwe. Anakana ndi liwu limodzi lokha, la ana obadwira kuno: "Naw."

Lamlungu komiti yanu inakhala pansi, abambo okhaokha, kupatulapo Mayi Yvonne amene amaloledwa kulowa chifukwa tiyi sadzithira yekha. Munagamula kuti pa tsiku la mwambo, nyimbo isanayambe, Tupochile adzagwade pamaso pa anthu onse n'kupepesa. Akakana, achoke m'gulu la achinyamata ndipo maluwa anyamule wina. A Tadeyo, mlembi wanu, anandiimbira kundiuza chigamulochi ndi mawu a munthu wolengeza zovuta, kenako anandikumbutsa za zitumbuwa.

Ndiye ndati mtima wanga usaphulike ndi kuthokoza. Ndikhuthule.

1. Choyamba, zikomo chifukwa cha nyimboyo. Ine ndi umbuli wangawu ndinkayesa kuti pa Tsiku la Anakubala mayi amayerekezedwa ndi zinthu zotopetsa monga mzati wa nyumba kapena mthunzi wa mtengo. Inu mwatikweza. Titafika kunyumba Loweruka lija, Tupochile anandipatsa foni kuti ndiwerenge mawu ake mwakachetechete, popanda gitala wonditseka m'makutu. Mundikhululukire Chichewa changa chosaukachi, koma mwachidule woimbayo akuti mkazi wake ndi chijasi chakale. Kukazizira amachivala. Anzake akabwera kudzacheza amachikoloweka kuseri kwa chitseko. M'ndime yachiwiri akutiphunzitsa kuti chijasi sichiyankhula, ndipo chikayerekeza kutsegula pakamwa amachiponya panja pamvula mpaka chitaphunzira khalidwe. Pobwereza paja, pamene tonse tinkakweza manja m'mwamba ndi chimwemwe, ndi pamene akulangiza anyamata anzake kuti chijasi umachikuntha ndi ndodo kuti chiwongoke. Ndime yachitatu ikukamba za chimene amachita nacho chikang'ambika m'zigongono, ndiponso za mnzake amene amadzachibwereka, koma imeneyo sindilemba. Ndinaleredwa ndi mayi wa Mvano, ndipo akhoza kudzuka kumanda ku Thyolo kudzandilanda cholembera.

Ndiyamikenso kuti munasankha mogwirizana ndi nyengo. Kuno ku Glasgow chijasi n'chinthu cholemekezeka. Bambo akhoza kuiwala mkazi wake m'basi, koma chijasi saiwala. Mwina tiyenera kuzilandira ngati kukwezedwa paudindo.

2. Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa mbiri yakale. Pa gulu paja, musanalitseke, munalemba kuti nyimboyi ndi kilasiki, yatha zaka makumi asanu, ndipo chinthu chikakalamba chimayenera ulemu. Apa mwandigwira pakamwa. Kungoti nsikidzi nazonso n'zakalekale. Zinaluma makolo athu ndi makolo awo, koma sindinamvepo kuti zaitanidwa kumwambo n'kupatsidwa mpando kutsogolo. Komanso ngati zaka ndizo zimapatsa ulemu, Mayi Janet anabadwa nyimboyo isanapekedwe. Pa akilasiki awiriwa, mwina tikanayamba kulemekeza amene ali ndi bondo lowawa.

Ndikumvetsa kuti nyimboyi imakukumbutsani masiku a disiko ya kusekondale, muli ndi afulo ndi thalauza lotambalala kumunsi. Unyamata umasoweka, ndani sadziwa? Koma afulo ija inapita yokha osatsanzika, Bambo, ndipo palibe amene anagwaditsidwa chifukwa cha iyo. M'galimoto mwanu, mawindo atatsekedwa, muli pamsewu waukulu wa M8, ndinu mfumu. Mukhoza kuimba mpaka mitsempha ya m'khosi itaoneka. Funso ndi lakuti ife tilowerenjimo ndi nsalu zathu zatsopano.

3. Chachitatu, munati mawu a nyimbo palibe amene amawamvera, chofunika ndi ng'oma. Apanso mwalasa. Imeneyo ndi mphatso yathu: Mmalawi akamva ng'oma, makutu amapita patchuthi, miyendo n'kutsala pantchito. Mumzere muja munali manesi amene amawerenga zolemba za madokotala zimene eni akewo sangaziwerenge. Munali a makompyuta. Munali ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi amene. Chingerezi timachimva bwinobwino. Koma tinazolowera kuyambira kwathu kuti nyimbo ya chizungu ili ngati mvula padenga la malata: imakoma, ndipo sufunsa kuti ikuti chiyani.

Tsoka lake tinabereka ana kuno. Ana amenewa nyimbo ya Chingerezi imawalowa m'khutu ngati munthu akuyankhula nawo patebulo. Tinawatumiza tokha kusukulu, tinawagulira tokha mayunifolomu, tinakalipa tokha akalephera mayeso, lero tikudabwa kuti akumva.

Alendo anu nawonso amamva, ndipo khansala amene mwamuitanayo ndi mayi. Eni ake a nyimboyi akhala akukangana za iyo kwa nthawi ndithu, ena anasiya kuiyika ngakhale pa maukwati awo. Ife ndiye tafika nayo mochedwa, ngati munthu wotola malaya amene mwini wake anataya chifukwa cha nsabwe, n'kuwavala pa ukwati wa mwini wake yemweyo. Taganizirani mayi khansalayo atakhala kutsogolo, manja pamiyendo, akuona amayi achiafirika mumzere, nsalu zofanana, mano onse pamtunda, akuvinira malangizo a kakunthidwe ka chijasi. Adzakhala ndi nkhani yokamba ku ofesi mpaka Khirisimasi. Kutseguka m'maso kwake tidzaonetsa ndithu.

4. A Tadeyo, pofuna kukuthandizani, analemba kuti nyimbo zathu za pa ukwati ndi pa bulaidoshawa zimanena zoposa pamenepo, ndiye tisamadziyese oyera. Ndikuvomera ndi manja awiri. Tili nazo zathuzathu zouza mkwatibwi kuti apirire, atseke pakamwa, amwetulire. Tinabwera nazo m'masutikesi, pansi pa ufa ndi usipa, ndipo a pabwalo la ndege sanazione. Ndiye poti zathu zilipo zokwanira, tikuitanitsiranji za eni? Munthu amene m'nyumba mwake mwadzaza makoswe sapita kwa neba kukabwereka ena.

Anawonjezeranso kuti amayi tinavina tokha, palibe anatikakamiza. Zoona. Nkhuku nayo imajompha chimanga mosangalala mpaka pakhomo la khitchini. Mayi akunyumba kwanu, Mayi Vera, anali kutsogolo kwanga mumzere muja. Chingwe chitazulidwa, mwana atanena zimene ananenazo, iwo anangokonza mpango wawo n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali. Chimene anaona kumeneko sindikudziwa. Inu ndi amene mumawadziwa bwino.

Pomaliza penipeni, musanakhome gulu, munati tisamatengeke, limeneli ndi fanizo chabe, woimbayo sankatanthauza. Mwina. Ine sindinakumane naye. Koma mwandimasula, chifukwa ife a Chipani cha Zitumbuwa tayamba kale kupeka nyimbo ya Tsiku la Abambo. Ikunena kuti mwamuna ali ngati ambulera ya ku Glasgow: m'sitolo imaoneka yolimba, mphepo ikangowomba yatembenuka miyendo m'mwamba, ndipo madzulo umaipeza m'bini pa siteshoni pamodzi ndi anzake. Ng'oma yake ndi yabwino kwambiri. Mudzalowa nayo movina, ife tikuwomba m'manja. Musadzamvere mawu. Ndi fanizo chabe.

5. Chachisanu, kapena chachisanu n'chimodzi, ndasokoneza, paja zijasi sitidziwa masamu, zikomo pondithandiza kulera mwana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Apa ndiyankhule pang'onopang'ono kuti komiti yonse imve.

Tupochile anabadwira kuno. Kuyambira ali kumbuyo ndakhala ndikumukoka kuchoka ku Partick, pa sitima yapansi panthaka, kenako basi, mpaka ku Springburn, pamvula ndi pachisanu, akulira kuti anzake ali kukanema. Ndinkafuna adziwe kuti ali ndi anthu ake. Bambo ake atatisiya, holo ija ndiyo inakhala mudzi wake, ndipo inu amene munanyamula nawo bokosi la maliro. Zimenezo sindinaiwale, iyenso sanaiwale. Zinatenga zaka kuti asiye kubisala kuseri kwa foni akulu akamamupatsa moni. Chaka chatha ndi pamene anayamba yekha kuitana Mayi Janet kuti agogo. Chaka chino anapempha yekha kuti atsogolere amayi. Anaphunzira kumanga mpango pagalasi mpaka manja kuwawa, mpango ukugwa, iye akutukwana m'Chisikoti, n'kuyambiranso.

Ana ambiri a msinkhu wake anasiya kalekale kubwera. Inu mukudziwa, poti mwezi ndi mwezi mumadandaula pa maikolofoni kuti ana athu akutayika, ndipo mipando imene ankakhalapo ana anu omwe ilibe anthu. Uyu sanatayike. Anabwera, anavala nsalu, ndipo atamva munthu akunyoza amayi ake, anamutseka pakamwa. Kwathu mwana wotero timamuphera nkhuku. Kuno tikumuyalira pansi pogwada.

Lero nsalu ija ili m'jumbo pakhomo, pamodzi ndi zovala zopita kushopu ya zachifundo pa Dumbarton Road. Wandiuza kuti sagwada, ndipo kuti akatuluka m'holo muja satembenukanso. Ndikalibisa jumbolo kuseri kwa sofa, m'mawa ndimalipeza labwerera pakhomo. Ndimamudziwa mwana wanga. Kuuma mutu anatengera malemu bambo ake, ineyo monga mukuonera ndine munthu wofatsa. Akati wapita, wapita, ndipo chaka chamawa mudzakhala ndi mpando wina wopanda munthu woti muziudandaulira pa maikolofoni.

Musayese kuti ndikulera mwana wosadziwa kupepesa. Kuzula chingwe si khalidwe, sipika ya eni ikanapsa. Ndinamuuza zimenezo mosabisa, ndipo Lolemba anaimbira a Maxon n'kuwapepesa m'Chichewa, chopotokapotoka koma chathunthu. A Maxon anamukhululukira, n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti iwonso ikafika ndime yachitatu amachepetsa voliyumu n'kumatsokomola mu maikolofoni. Mawondo a mwanayu amapinda, Bambo. Amangofuna kudziwa kuti akugwadira chiyani.

Tsopano ndisiye manambala, ndifike pa chimene ndimakusirirani nacho koposa.

Mutangokhala pampando munakhazikitsa lamulo limene tonse tinaliwombera m'manja. Munati pa misonkhano yathu liwu lililonse la Chingerezi lotuluka mu sipika liyenera kumasuliridwa m'Chichewa, kuti ana azimva chinenero chawo, ndiponso kuti alendo ochokera kumudzi asasiyidwe panja. Womasulira wake ndinu, ndipo Mulungu anakupatsani mopanda kuyeza. Abusa achisikoti akangoti tipemphere, inu mumayamba mwafotokoza mbiri ya pemphero kuchokera kwa Abrahamu. Iwo akakweza dzanja limodzi, inu mumakweza onse awiri. Akapuma kuti amwe madzi, inu mumamasulira ndi kupumako. Tsiku lija woyang'anira holo anatenga maikolofoni kungolengeza kuti wina watseka njira ndi galimoto yofiira, munamasulira mogwira mtima kotero kuti Mayi Yvonne anakuwa ameni. Palibe liwu la mzungu limene linadutsapo m'holo muja osakupatsani moni.

Kupatula nyimbo iyi. Iyo yokha, mwa Chingerezi chonse cha padziko lapansi, ndiyo yapatsidwa chilolezo chotuluka mu sipika mpaka kumapeto inu mutakhala chete. Ndikukhulupirira kuti munangoiwala, poti ntchito za upampando n'zambiri. Sindingafune kuti mawa anthu azinena kuti Wapampando anaswa lamulo la Wapampando.

Ndakumbukiranso kuti mlendo wolemekezeka chaka chino ndi mayi anu okubalani, a Nankhoma, amene anafika kuchokera ku Dedza mwezi watha kudzaona zidzukulu. Ndinakawachezera inu muli kuntchito. Chingerezi sachimva, komanso salola kuti chiwadutse. M'basi dalaivala akangotsegula pakamwa, iwo amagwira mkono wa amene ali pafupi: "Akuti chiyani?" Kanema akayankhula: "Akuti chiyani?" Ngakhale makina a m'sitolo odzilipirira wekha aja akayankhula, iwo amafuna kudziwa kuti mtsikana ali m'katimo wadandaula chiyani, ndipo ngati amamupatsa nthawi yoti adye. Mwakonza kuti iwo ndiwo adzakhale patsogolo pa mzere, atavala nsalu yathu, Mayi Vera ali pambali pawo. Gitala akadzangoyamba kulira, mzungu n'kutsegula pakamwa, funso limene lidzabwere mukulidziwa. Adzagwira mkono wa amene ali pafupi. Ameneyo adzakhala mwina mpongozi wawo, mwina mtsikana wonyamula maluwa. Chichewa cha Tupochile n'chopotoka, Bambo Wapampando, koma liwu loti chijasi amalidziwa, ndipo la ndodo anaphunzira kalekale. Si bwino katundu wolemera chonchi agwere mwana, katswiri alipo.

Choncho pempho langa n'laling'ono, ndipo ndikulipereka ndili pansi.

Sindikupempha kuti muchotse nyimboyo. Ndine ndani ine? Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha, ngakhale sindikunena kuti ndinu mwana. Ndikungopempha kuti lamulo lanu ligwire ntchito. Pa tsikulo, a Maxon aziimitsa nyimbo pakutha pa mzere uliwonse, monga amaimira abusa. Inu mutenge maikolofoni, muime moyang'anizana ndi a Nankhoma ndi Mayi Vera, n'kutimasulira. Ndi manja omwe, monga mwa nthawi zonse. Za kuseri kwa chitseko, za pamvula, za ndodo. Musadzafupikitse, poti simunayambe mwafupikitsapo. Ndime yachitatu ndakusungirani yonse, sindinaikhudze.

Mukadzafika kumapeto, a Nankhoma n'kugwedeza mutu kuti tiyeni tivine, Tupochile adzagwada. Ndakamba naye ndipo wavomera, anasekanso koyamba sabata ino. Inenso ndidzagwada pambali pake pa matabwa ozizira aja, ndi mawondo anga odutsa ku yunivesitewa, ndipo tidzapepesa mokweza, m'Chichewa, kuti musavutikenso kumasulira.

Koma ngati mukuona kuti kukhosi kudzauma musanafike n'komwe pachitseko paja, musavutike ndi kupepesa. Mawondo a abambo a msinkhu wanu timawadziwa. Mungouza a Maxon kuti abwezeretse kwaya yathu yakale, ndi a Tadeyo kuti aimbire mwanayu foni, amuuze kuti maluwa ake akumudikira pampando pomwe anawasiya. Aimbe ndi mawu a munthu wamoyo, ndipo asachedwe. Jumbo lija likupita ku Dumbarton Road Lachisanu.

Zitumbuwa zibwera, musadere nkhawa. Mkangano ndi mkangano, koma alendo sangabwerere ndi njala.

Ine wanu wodzichepetsa, wokolowekedwa kuseri kwa chitseko,

Ketrina Zangaphee
Mayi wa Tupochile

Zoiwalika: A Nankhoma anandiuza okha kuti pa sukulu ya kwacha ankakhala nambala wani, ndipo kuti chilichonse cholembedwa m'Chichewa amawerenga mpaka pansi, ngakhale pepala lokulungira nsomba. Ndamva kuti mubwera nawo ku pulakatisi Loweruka likubwerali. Kalatayi ndaikhoma motsika ndithu poganizira msinkhu wawo. Chonde, Bambo Wapampando, pochoka kunyumba musadzaiwale magalasi awo.